WOTILANGIZA PA MALONDA TIYAMBE TAMFUNSA: MUNAGWIRAPO NCHITO YANJI?

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu, masiku ano mwezi sutha osamva kuti kwabwera mlangizi. Wina adza ndi nkhani ya banki m'khonde, wina ya kopaletivi ya mtedza, wina ya gulu la mkaka, winanso adzatiphunzitsa kalembedwe ka malonda a m'kagolosale. Ndiponso m'magulu mwathu momwemo, caka ndi caka tikhala pansi pa mtengo kusankha wapampando, mlembi ndi msungicuma. Ndalama zimene tiika m'manja mwa anthu amenewa si za boma ai. Ndi za nkhuku imene mai anagulitsa, ndi za thumba la cimanga limene bambo anamana ana ace. Cifukwa cace funso ili si la masewera: kodi munthu wotsogolera kapena wolangiza malonda athu ang'onoang'ono akhale wocokera ku nchito yanji?

Pa nkhani imeneyi timva mau a mitundu iwiri. Ena ati, "Tipatseni wophunzira, wa satifiketi, wodziwa Cingerezi." Ena ati, "Iai, ophunzira ndi akuba. Tifuna wathu wa m'mudzi muno amene tidziwa amace ndi atate wace." Ife tinena kuti onse awiri aona mbali imodzi yokha ya nyumba. Ndipo kuti tisangokangana ndi pakamwa, tikuuzani mbiri yoona ya alimi a mkaka a ku India, pakuti kumeneko funso lomweli linayankhidwa ndi nchito, osati ndi mau.

MKAKA WA KU KAIRA

Kaira ndi boma la kumadzulo kwa India, m'dera limene lero lichedwa Gujarat, ndipo masiku aja m'menemo munali tauni yaing'ono dzina lace Anand. Anthu a kumeneko aweta njati za mkaka. Si njati zathu za m'thengo zija ai, koma zoweta, zofatsa, zimene mai akama m'mawa ndi madzulo. Banja losauka likhala ndi imodzi kapena ziwiri basi.

M'caka ca 1945 boma linakonza zoti mkaka wa ku Kaira uzipita pa njanji ku mzinda wa Bombay, mtunda woposa mamailosi 250. Mphamvu yosonkhanitsa mkakawo linaipereka kwa kampani imodzi yokha, ya Polson, ndipo kampaniyo inkagula kupyolera mwa ogula a pakati, amene kwathu kuno tiwacha mavenda. Inu amene munagulitsapo tomato mudziwa bwino cimene cicitika pamene katundu wako ali wosacedwa kuonongeka ndipo wogula ali mmodzi. Mkaka sudikira mawa. Mtengo umene wachulidwa ndi womwewo. Ukakana, madzulo wasasa.

Alimi anapita kukadandaula kwa Vallabhbhai Patel, mwana wa mlimi wa m'boma lomwelo, amene anaphunzira uloya ku London nakhala mmodzi wa atsogoleri akuru a ufulu wa India. Iye sanawalonjeze ndalama. Anawauza kuti apange kopaletivi yao-yao, akhale ndi makina ao, ndipo boma likakana anyanyale. Anawatumizira Morarji Desai, munthu amene kale anagwira nchito ya boma yofanana ndi ya wothandiza D.C. naisiya m'caka ca 1930, ndipo iyeyo anacititsa msonkhano m'mudzi wa Samarkha m'mwezi wa January 1946. Boma linakana, alimi ananyanyala, ndipo kwa masiku 15 mkaka wa ku Kaira sunapite ku Bombay. Pamenepo boma linagonja. Pa 14 December 1946 kopaletivi ya alimi a mkaka a ku Kaira inalembedwa m'kaundula. Ndiyo imene lero dziko lonse liidziwa ndi dzina lakuti Amul.

Taonani kale apa: loya ndi munthu wodziwa kayendedwe ka maofesi a boma anacita mbali yao, yotsegula khomo. Koma sanakhale pa mpando wa kopaletivi. Nchito ya tsiku ndi tsiku inagwa pa anthu ena atatu, ndipo ndi amenewa tifuna muwayang'anitsitse.

WOYAMBA: WOYENDA M'MIDZI

Wapampando woyamba anali Tribhuvandas Patel, wobadwa m'caka ca 1903. Iye sanali katswiri wa mkaka, ndiponso sanali injiniya. Anali wotsatira Gandhi, munthu wa misonkhano ya m'midzi, amene Angerezi anam'manga kangapo, koyamba m'caka ca 1930. Cuma cace cinali cimodzi: anthu ankamkhulupirira. Anayenda mudzi ndi mudzi, khomo ndi khomo, kukopa alimi kuti alowe.

Ndipo analimbikira malamulo amene anali obvuta m'dziko limene anthu agawidwa m'magulu a pamwamba ndi a pansi kuyambira pa kubadwa. Ali yense wokhala ndi njati akhoza kulowa, kaya ndi wa mtundu wanji kapena wa cipembedzo canji. Membala ali yense ali ndi voti imodzi, kaya ali ndi njati imodzi kaya khumi. Onse aima pa mzere umodzi popereka mkaka, woyamba kufika ndiye woyamba kulandiridwa. Zinthu zotere injiniya sangazilamule. Zifuna munthu amene akalankhula, nkhalamba za m'mudzi zinena kuti, "Uyu timdziwa, sanatidyerepo."

Koma cikhulupiriro cokha siciziziritsa mkaka. Pamene kopaletivi inayamba kukonza mkaka wace m'caka ca 1948, inali ndi midzi iwiri yokha ndi malita ngati 250 pa tsiku, ndipo makina ace anali akale, ofa-ifa. Ukuru wa Tribhuvandas uli apa: anadziwa pamene nzeru zace zalekezera, ndipo sanacite manyazi kufuna munthu wina.

WACIWIRI: INJINIYA WOSAKONDA MKAKA

M'mwezi wa May 1949 ku Anand kunafika mnyamata wa zaka 27, Verghese Kurien. Anali mwana wa dokotala wa ku Kerala, kum'mwera kweni-kweni kwa India. Anaphunzira za makina ku Madras, anagwirako nchito ku fakitale ya zitsulo ya Tata ku Jamshedpur, ndipo boma linamlipirira sukulu ku Michigan State ku America, kumene anatsiriza m'caka ca 1948. Ku Anand sanapite mwa kufuna kwace. Boma linamtumiza ku kafakitale kace ka batala kuti akabweze ngongole ya sukulu ija ndi nchito.

Mwa zonse zimene ife tiwerengera posankha munthu, iye anali wolephera. Sanali mlimi. Cinenero ca kumeneko sicinali cace. Anali Mkristu, wodya nyama ndiponso mbeta pakati pa anthu osadya nyama, kotero kuti anasowa womcititsa lendi nyumba, nagona m'galaja. Mwini wace ankanena poyera kuti mkaka saukonda. Tsiku ndi tsiku ankangoyembekeza kalata yom'masula kuti acoke.

Koma pokhala wosowa cocita, anayamba kuthandiza alimi aja kukonza makina ao, ndipo anawauza mosabisa kuti aleke kutaya ndalama pa zakufa, agule makina atsopano. Kalata yace itafika ali pafupi kunyamuka, Tribhuvandas anampempha kuti atsale pang'ono, angoimika makinawo. Anatsala. M'caka ca 1950 anakhala manijala wa kopaletivi, ndipo Anand inakhala kwao kufikira imfa yace m'caka ca 2012. Akuru athu sananame pamene anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Nanga kayendetsedwe kace kanali kotani? Mkaka ulandiridwa kawiri pa tsiku m'mudzi momwemo. Upimidwa pamaso pa mwini wace, ndipo ayesa kucuruka kwa mafuta ace, pakuti mtengo utsata mafutawo; cotero wothira madzi adzinyenga yekha. Malipiro sankacedwa: mkaka wa m'mawa unkalipidwa madzulo, wa madzulo unkalipidwa m'mawa mwace. Kopaletivi sikana mkaka wabwino wa membala. Pambuyo pace anaonjeza madokotala a ziweto oyendera midzi ndi cakudya ca ziweto ca mtengo woyenera. Palibe camatsenga pamenepa. Ndi sikelo yoona, buku loona, ndi ndalama yofika pa nthawi yace.

WACITATU: MMISIRI WA MKAKA

Bvuto lina linabuka cifukwa ca kukula komweko. Njati zipereka mkaka wambiri m'nyengo yozizira, ndipo pofika m'caka ca 1953 a ku Bombay analephera kulandira wonse. Njira inali imodzi: kusandutsa wotsalawo kuti ukhale batala ndi mkaka wa ufa, zimene zisungika. Koma akatswiri a maiko a kunja anati mkaka wa njati sungapangidwe ufa monga wa ng'ombe.

Apa panafunika munthu wacitatu, H. M. Dalaya, mnzace wa Kurien wa ku sukulu ku America. Iyeyu ndiye anakulira m'nchito ya mkaka, pakuti makolo ace anali ndi khola la ng'ombe za mkaka ku Karachi, limene anataya pamene dziko linagawidwa m'caka ca 1947. Anali ndi zonse ziwiri, maphunziro ndi manja ozolowera. Anayesa, naonetsa kuti nkotheka, ndipo pa 31 October 1955 Nehru, nduna yaikuru ya India, anatsegula fakitale ya mkaka wa ufa ku Anand. Kuyambira pamenepo mkaka wa nyengo ya zocuruka unaleka kukhala tsoka la mlimi.

Tsono werengani bwino. Wa ndale wa m'midzi, injiniya wa zitsulo, ndi mmisiri wa mkaka. Cotsanipo woyamba, alimi sakanalowa. Cotsanipo waciwiri, makina ndi mabuku zikanagwa. Cotsanipo wacitatu, mkaka ukanatayika pansi. Mutu umodzi susenza denga.

MWINI WACE NDANI?

Komatu cinthu cacikuru koposa si nchito zimene anthu atatuwa anacokera, koma malo amene ali yense anaima. Alimi ankasankha komiti ya m'mudzi. Apampando a m'midzi ankasankha akuru a kopaletivi ya boma lonse. Akuru amenewo ndiwo ankalemba manijala nchito. Kurien, ndi madigiri ace onse, ankadzicha wanchito wa alimi. Ndipo Tribhuvandas, ngakhale anali munthu wa cipani, anasiya nchito ya manijala m'manja mwa manijala, namchinjiriza kwa anthu ofuna kulowetsapo zao.

Zipatso zace zidziwika. M'caka ca 1964 Lal Bahadur Shastri, nduna yaikuru, anagona usiku m'nyumba ya mlimi m'mudzi wa Ajarpura kuti adzionere yekha, ndipo m'caka ca 1965 kunakhazikitsidwa bungwe la dziko lonse lotukula za mkaka, likulu lace ku Anand, Kurien ali wapampando. Nchito yaikuru yofalitsa njira ya ku Anand, yochedwa Operation Flood, inayamba m'caka ca 1970, ndipo pofika 1998 India inali itaposa maiko onse pa kucuruka kwa mkaka. Lero alimi a m'makopaletivi a Amul aposa mamiliyoni atatu. Pamene Tribhuvandas anapuma pa mpando, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, mamembala anamsonkhera marupiya 600,000 monga mphatso, ndipo iye sanamangire nyumba yace, koma anayambitsa nazo bungwe losamala umoyo wa amai ndi ana m'midzi. M'caka ca 1976, pofuna kuti mbiri yao ioneke pa kanema, alimi 500,000 anasonkha marupiya awiri-awiri, napanga filimu yochedwa Manthan. Anthu sasonkhera cinthu cimene saciyesa cao.

ZIMENE ENA ADZANENA

Tidziwa kuti wina adzati, "Inu a Mlembi, amenewo anathandizidwa ndi maiko a kunja." Inde, nzoona, sitibisa. Fakitale ya 1955 inalandira thandizo la UNICEF, ndipo Operation Flood inayamba ndi mkaka wa ufa ndi mafuta a batala zimene maiko a ku Ulaya anapereka. Koma taonani cimene mlangizi wanzeru anacita nazo. Mphatso ija ikanangogawidwa kapena kugulitsidwa mochipa, ikanapha msika wa alimi a m'dzikomo. Iwo anaigulitsa m'mizinda pa mtengo woyenera, ndipo ndalama zace anamangira mafakitale a alimi. Thandizo linapeza gulu liri kale ciriri. Silinabale gulu ai.

Wina adzati, "Ife tiribe ndalama zolembera injiniya wa ku America." Nzoonanso. Koma kumbukirani kuti a ku Kaira anayamba ndi midzi iwiri, ndipo injiniya anawapeza atayamba kale okha. Gulu la anthu makumi awiri silifuna Kurien. Lifuna munthu wodziwa kuwerengera ciwongola dzanja osalakwa, wodziwa kuti mtengo wogulira katundu uphatikiza ndi ndalama ya minibasi ndi ciphaso ca pa msika. Munthu wotere akhoza kukhala mai amene wagulitsa usipa zaka khumi osagwa, kapena mnyamata amene anagwirapo nchito ya ukalaliki m'sitolo.

Winanso adzati, "Ngati Tribhuvandas anali wa ndale, ndiye kuti mipando ya m'magulu ipatsidwe kwa olimbika m'cipani." Apa ndipo tifuna kulankhula mosapsatira, ngakhale mau awa atuluka m'kalata ya nthambi. Kulimbika pa misonkhano ndi nchito yabwino, koma si satifiketi yosungira ndalama za anthu. Mpando wa msungicuma si mphotho. Gulu la malonda likayamba kufunsa munthu khadi asanapime mtedza wace, latha. Kurien anadandaula kawiri-kawiri kuti m'madera ena a India, kumene boma linaika maofisala ace pamwamba pa makopaletivi m'malo mwa anthu osankhidwa ndi alimi, dzina linali la kopaletivi koma mwini anali wina. Ifenso kuno tiri ndi cikumbutso cathu. Caka comweco ca 1946 boma la Nyasaland linaika lamulo la makopaletivi, koma ambiri a makopaletivi a alimi a masiku aja sanakhalitse, ndipo ADMARC itakhazikitsidwa m'caka ca 1971 malonda a mbeu za alimi ang'onoang'ono anali m'manja mwa boma.

Ndipo tisaganize kuti mlangizi wabwino akhala wosasunthika. M'caka ca 2006 Kurien yemweyo, ali ndi zaka 84, anasemphana ndi akuru a bungwe logulitsa katundu wa Amul, natula pansi udindo wace. Amene analakwa pamenepo si nkhani yathu. Cimene tiona ife ndi ici: iye atacoka, mkaka sunaleke kuyenda ngakhale tsiku limodzi. Nchito yomangidwa pa munthu mmodzi ifa pamodzi ndi iye, koma yomangidwa pa mamembala itsala.

MAU KWA IFE ENI

Tisaloze ena okha cala. Ife aphunzitsi kawiri-kawiri tipatsidwa ulembi kapena usungicuma m'magulu cifukwa tidziwa kulemba bwino ndi kuwerengetsa masamu pa bolodi. Tithokoza ulemu umenewo. Koma ku sukulu ya uphunzitsi sanatiphunzitse kudziwa nyemba zofumbwa pongozigwira, kapena tsiku loyenera kugulitsa anyezi. Malipiro athu abwera pa mwezi, malonda ayende asayende. Munthu amene sanagonepo ndi nkhawa ya katundu wosagulidwa asafulumire kuuza wamalonda kuti, "Tengani ngongole, mukuze bizinesi." Tilembe mabuku, inde; koma pa za msika tikhale pansi timvere amai a pa msika.

Cimodzi-modzi amene anapuma pa nchito ya boma, amene anabwera kucokera ku Joni ndi kandalama, mkuru wa mpingo, mwana wathu wa digiri amene wasowa nchito m'tauni: ali yense ali ndi kalumo kace, ndipo ali yense ali ndi pamene kalumoko kabuntha. Tisamkane munthu cifukwa ndi mlendo kapena wophunzira, ndipo tisamgwadire cifukwa ca taye.

MAFUNSO ANAI

Tsono pamene mlangizi wafika, kapena pamene dzina lachulidwa pa cisankho ca gulu, tipempha membala ali yense aimirire mwaulemu ndi kufunsa mafunso awa.

Loyamba: Munagwirapo nchito yanji, kuti, ndipo zaka zingati? Osati munaphunzira ciani cokha, koma munacita ciani ndi manja anu.

Laciwiri: Munasungapo ndalama za anthu ena? Eni ace ali kuti, kuti tikawafunse m'mene munasiyanirana?

Lacitatu: Nanga cimene simucidziwa nciani, ndipo mudzafunsa kwa yani? Munthu woyankha kuti adziwa zonse ndiye woyamba kumuopa.

Lacinai: Akulipirani ndani, ndipo angakucotseni ndani? Ngati malangizo anu atigwetsa, inu mudzataya ciani?

Munthu woona sakwiya ndi mafunso otere. Wokwiya wadziulula yekha, ndipo mwapulumutsa nkhuku ya amai ija.

Ndiponso tisaunjike maudindo onse pa munthu mmodzi, ngakhale akhale wabwino cotani. Wokopa anthu akhale pa mpando. Wodziwa mabuku agwire mabuku, ndipo awerengedwe mokweza pamaso pa onse pa msonkhano uli wonse. Wodziwa katundu apime katundu, mwini wace ali pomwepo. Ndipo mphamvu yolemba ndi yocotsa itsale m'manja mwa mamembala, voti imodzi munthu mmodzi, wa mbuzi imodzi ndi wa ng'ombe khumi cimodzi-modzi.

Abale ndi alongo, safunsa anadya phula. Alimi a ku Kaira anali osauka monga ife, ambiri osadziwa kulemba, koma anadziwa kusankha wowatsogolera, anadziwa kulemba nchito wowaposa maphunziro, ndipo sanaiwale kuti eni ace ndi iwo. Pa cisankho ca gulu lanu cimene cirinkudza, musakhale kumbuyo ndi kung'ung'udza pobwerera kunyumba. Khalani kutsogolo, kwezani dzanja, funsani.

Ndife anu pa nchito,
MLEMBI WA NTHAMBI